Futari ya Mayi Bushra Yalowa M'buku

Minibasi ya ku Dwangwa inkachedwa kudzaza pa siteji ya Nkhotakota. Mayi Bushra, eni lesitilanti, anazindikira buku lotsogolera alendo lomwe bambo ena pambali pawo ankawerenga.

"Bambo, wolemba bukulo ndimam'dziwa. Mzungu wamtali, ankati kwawo anali mphunzitsi, wayenda mayiko ambirimbiri."

"Ndiye ndi wodziwa zinthu, mayi."

"Wodziwa chiyani? Anafika mwezi wa Ramazani, ife tikumasula swaumu. Mlendo sitim'siya panja, tinam'patsa futari, mpunga ndi kampango, osalipira. Iye n'kukalemba kuti kwa Bushra chakudya chamadzulo n'chaulere."

"Ndiye azungu akubwera?"

"Chaka chonse, chala chili patsamba."

"Mumawabweza?"

"Ayi, n'chaulere ndithu. Ndimangoti ayambe akhala pabenchi kuyambira m'bandakucha, osalawa ngakhale madzi."