Ndinkati Andidyetsa, Pomwe Chinali Chiwindi

Abale anga a mpingo uno wa ku Kasakula, ambiri mukundidziwa. Ndine Yotamu Phiri, uja ankagonera ku kachasu fodya akangogulitsidwa. Ndinamwa zaka makumi awiri. Mkazi wanga Nankhoma akandiletsa, ndinkamuyankha kuti pakhosi ndi panga.

Chaka chatha ndinayamba kumva kuwawa kumanja, pansi pa nthiti. Thupi linkatha koma mimba inkakula. Maso anachita chikasu. Sing'anga wina anati amene wandidyetsa mankhwala ndimakhala naye nyumba imodzi, ine n'kukhulupirira. Ndinamunena Nankhoma pamaso pa abale ake, n'kusamuka pamudzi pawo.

Ndinakakhala m'chigafa cha fodya cha malemu amalume anga, kuseri kwa phiri. Anzanga a ku mowa sanabwere, ngakhale mmodzi.

Ululu utakula ndinapita ndekha ku chipatala chachikulu ku Lilongwe. Padepoti, ofunsa makadi a chipani ataona mimba yanga anangondipatukira.

Adokotala atandigwira anati chiwindi chalimba ngati mwala. Anandipopa madzi m'mimba, natenga kachidutswa ka chiwindi ndi singano yaitali kuti akayeze. Ndinadikira milungu itatu. Odwala ena onse anali ndi owadikirira. Pambali pa bedi langa panalibe mphasa ya munthu.

Zotsatira zitabwera, ndinafunsa kuti wandidyetsa chiyani mkazi uja.

"Bambo, palibe wakudyetsani," anatero adokotala. "Iyi ndi khansa ya chiwindi. Yakula kale, sitingaidule. Tikupatsani mankhwala ochepetsa ululu."

Ndinalira, koma sindinkalirira imfa. Ndinkalirira munthu amene ndinamuipitsira mbiri popanda mlandu. Ndinagwada movutikira pafupi ndi bedi, n'kuuza Yesu zonse. Namwino wina anandilembera kalata yopita kwa Nankhoma yomupepesa.

Loweruka linalo Nankhoma anatulukira, fumbi lili m'miyendo. Sananditonze. Anangoti, "A Phiri, tiyeni kwathu."

Musandimve molakwa, sindinachire. Madzi akadzaza ndimapitanso kukapopetsa, ndipo masiku anga akuwadziwa ndi Ambuye. Koma mowa ndinasiya, chidani chinatha, ndipo sindidzafa ndekha. Mulungu alemekezeke.

Inu amene mukumva kuwawa m'thupi, pitani kuchipatala msanga. Inu amene munanamizira mnzanu, musadikire kuti akulembereni kalata muli pabedi. Pitani lero, miyendo ikadali yanu. Yesu amene anandilandira ine akulandirani inunso.