Mlomo Wanga Utachita Dzanzi

Abale ndi alongo, kale sindinali wofatsa monga mukundionera lero. Ndinkayendetsa lole pakati pa Dar es Salaam ndi Lilongwe. Ndikatsitsa katundu ku Chang'ombe mu Dar es Salaam, mzinda umene ndinkakhala, ndinkayamba ndadzera kumowa ndisanafike kunyumba. Ndikaledzera sindinkagonja pa mkangano.

Loweruka lina masana ku Buguruni, mumzinda momwemo, ndinanyoza dalaivala mnzanga pagulu. Anandimenya ndi sipanala, nsagwada yanga ya m'munsi n'kuthyoka. Sindimusungira mangawa. Ndinayamba ndine.

Kuchipatala analumikiza fupalo ndi kachitsulo, ndipo linapola. Koma mlomo wa m'munsi ndi chibwano, mbali ya kumanzere, zinachita dzanzi. Tiyi ankatsikira pa malaya ine osadziwa. Ndinkadziluma mpaka magazi. Pakakhala alendo, mkazi wanga Nambewe akaona mpunga wandikakamira pachibwano sankayankhula. Ankangogwira chibwano chake, ine n'kupukuta changa.

Adokotala, mayi wodekha, anandiuza kuti mtsempha wodutsa m'kati mwa fupa lija unavulala, ndizibwera mwezi uliwonse kudzayezedwa. Ankandiuza kuti nditsinzine, n'kundikhudza ndi thonje, kenaka ndi kasingano, n'kufunsa ngati ndikumva. Anati dzanzi likapanda kuchepa, adzafunika kundichita opaleshoni yolumikiza mtsemphawo, ndipo siyofunika kuchedwa nayo.

Ine ndinaopa mpeni. Ndinaopanso kuti ndikagonekedwa, abwana apereka lole kwa wina. Choncho akafunsa, ndinkati ndikumva. Ndinanama maulendo atatu, kenaka ndinasiyiratu kupitako.

M'miyezi yomweyo Nambewe anadwala, ndipo sanachedwe kutisiya. Tsiku la maliro ake ndinadya pakati pa anthu. Nditalowa m'nyumba ndinadziona pagalasi, chibwano chili ndiwo zokhazokha. Palibe amene anandiuza. Kuyambira pamenepo ndinkadyera m'lole, ndekha, nditakweza magalasi. Mowa ndinkamwabe, wina n'kumatayikira pachifuwa. Ndinatopa, abale. Kudzuka kokha inali ntchito.

Abambo Phiri, mkulu wa mpingo uno, tinkakhala moyandikana ku Mbezi. Anabwera kangapo osandilalikira, kungokhala nane pakhonde. Tsiku lina anati andiperekeza kuchipatala, ndipo ndinalibe mphamvu yokana. Tinakwera minibasi ya daladala, ndipo analowa nane mpaka m'chipinda choyezera.

Ndinatsinzina monga kale.

"Mukumva apa?" anafunsa adokotala.

Ndinati eya. Anafunsanso, ndinavomeranso.

"Mzee, tsegulani maso," anatero, kundiitana mwaulemu m'Chiswahili.

Manja awo onse anali m'matumba a jasi lawo loyera. Anali asanandikhudze n'komwe.

Sanandikalipire. Anangoti pole, kutanthauza pepani, n'kundifotokozera kuti miyezi imene ndinataya siingabwerere, chifukwa mtsempha ukakhalitsa chidukire suchira bwino. Anati ayesabe, koma ndisayembekezere zambiri.

Pobwerera, titatsika ku Mbezi, abambo Phiri anati, "Achimwene, Mulungu akakufunsani, musakamuyankhe choncho."

Masana omwewo ndinagwada m'chipinda mwanga. Sindinkadziwa kupemphera bwino. Ndinangomuuza Yesu zoona: kuti ndine chidakwa, kuti ndinazunza mkazi wabwino zaka zambiri, kuti ndili ndi mantha, ndiponso kuti pandekha ndalephera. Ndinalira nthawi yaitali. Nditadzuka, mlomo unali chimodzimodzi, koma mtima unali utapepuka.

Opaleshoni inachitika. Patapita miyezi ndinayamba kumva ngati nyerere zikuyenda pachibwano, ndipo adokotala anati ndi chizindikiro chabwino. Dzanzi linachepa koma silinathe. Patsala malo ngati chala chachikulu amene sadzachiranso, ndipo chifukwa chake ndikuchidziwa. Mowa sindinausiye tsiku limodzi. Ndinagwa kawiri, Ambuye n'kundidzutsa kawiri. Lole anaperekadi kwa wina, tsopano ndimalondera pa galaja. Masiku ena ndimatopabe, ndipo Nambewe ndimamusowa. Ndikanakonda akanandiona ndili chonchi.

Komabe ndikuyamika Mulungu, amene anandilandira nditachedwa chotere. Ulemerero ukhale kwa Iye.

Mwina pakati pathu pano wina akufunsidwa za moyo wake n'kumayankha kuti ali bwino. Mbale wanga, miyezi ikupita. Bwerani kwa Yesu lero, mumuuze pamene pavulala. Ine anandilandira, inunso sakubwezani.