Ndinatsala ndi Masiku Anayi

Okondedwa omvera, ndine namwino pa chipatala china cha boma kuno kunja, ku West Midlands. Pokweza anthu pantchito anandidumpha, ndipo abwana anandiuza pamaso kuti odwala sangakhulupirire mkulu wa wodi wolankhula Chingerezi ngati changa. Ndinalira m'basi, koma sindinakadandaule kulikonse. Ndinangoyamba kusala kudya, n'kumati Ambuye andimenyera nkhondo.

Lamlungu lina kutchalitchi kwathu ku Lozells ndinapempha amayi a mpingo kuti andipempherere. Titangonena ameni, amayi ena achikulire a ku Chipata, namwino wopuma, anandigwira dzanja.

"Mwana wanga, zinachitika liti?"

Nditawauza, anatsitsa kalendala ya tchalitchi pakhoma n'kuwerenga ndi chala.

"Kuno dandaulo la tsankho amalipatsa miyezi itatu, kuchotsapo tsiku limodzi. Watsala ndi masiku anayi. Mayi wamasiye wa m'fanizo la Ambuye uja sanangokhala pakhomo ayi, ankapita yekha kwa woweruza."

Tiyi wawo anazizira tikulemba dandaulolo pa foni yanga. Linalandiridwa kubwalo la milandu ya pantchito nthawi isanathe, ndipo mlandu wanga udzamvedwa.

Ine ndinkayang'ana kumwamba, osadziwa kuti yankho Ambuye analikhazika pa benchi yakumbuyo kwanga. Anzanga, pempherani ndithu, koma tsiku limene mwalakwiridwalo mulilembe.