Kabuku Kanga ndi Khomo Lakuseri la Hotela

Moni abale ndi alongo mwa Ambuye. Dzina langa ndine Tiyamike, ndimakhala ku Maitland, kuno kudziko la eni, ndi amayi anga. Kuyankhula pagulu kumandivuta, n'chifukwa chake ndalemba. Ndikufuna ndikuuzeni za sabata imene ndinatchedwa wakuba kusukulu chifukwa cha mnzanga wapamtima.

Aphunzitsi anatiuza kuti aliyense alembe mbiri ya msewu umodzi wakale wa mumzinda muno. Ine ndinasankha Long Street, poti amayi amakonza zipinda mu hotela ina yakale kumeneko. Loweruka lililonse kwa mwezi wathunthu ndinkawaperekeza. Bambo wina wachikulire amene amalondera pakhomo ankandifotokozera kuti kale m'mahotelamo munkagona anthu a m'sitima zapamadzi, ndipo alendo ankakhala pamakonde achitsulo aja kuonerera ngolo za akavalo. Anandionetsanso khomo lakuseri, lokhalo limene munthu wakuda ankaloledwa kulowera nthawi ya tsankho. Amayi amalowera lomwelo mpaka lero, poti makiyi a ogwira ntchito amakhala kumeneko. Zonsezi ndinkazilemba m'kabuku kanga ka tsiku ndi tsiku, m'Chichewa, kenako n'kuzilembanso m'Chingerezi.

Chifuniro, mnzanga wa m'kalasi amene timaimba limodzi kwaya, anandipempha mapepala anga kuti angoona poyambira. Ndinamupatsa osaganiza kanthu. Iye anapereka ntchito yake Lachinayi, ine Lachisanu. Lolemba aphunzitsi anaika mapepala athu patebulo, ofanana mpaka khomo lakuseri lija. Chifuniro anayang'ana pansi n'kunena kuti ine ndi amene ndinakopera, ndipo amene amagwira ntchito ku hotelako ndi amayi ake. Mawu amenewa ndi amene anandipweteka kwambiri. Anandilanda ntchito, anandilandanso amayi anga.

Aphunzitsi anati ndapeza ziro ndipo Lachitatu ndikaonekere kwa ahedi. Sindinathe kudziteteza. Amayi sindinawauze, ndinkaona momwe amafikira atatopa. Ndinkangopemphera kuti Ambuye andiyankhulire, popeza ine mawu ndinalibe.

Lachitatu ndinapita ndi kabuku kanga, ndipo Chifuniro nayenso anaitanidwa. Ahedi anakatsegula, koma anati chinenerocho sachidziwa, ndipo sangadalire ine kapena Chifuniro kuti amasulire. Ndinaona kuti zatha.

Muofesimo munali Mayi Asiyatu, a ku Mangochi, amene amakolopa pasukulupo. Kwa zaka ziwiri ndinkawadutsa osawapatsa moni, kuopa kuti anzanga andiseka akandimva ndikuyankhula Chichewa. Anasiya kupukuta windo n'kuuza ahedi kuti iwo angathe kuwerenga. Anawerenga tsamba ndi tsamba, akutchula tsiku lake, n'kumamasulira pang'onopang'ono: makonde, ngolo, khomo lija. Kenako anafika pamene ndinalemba kuti, "Lero ndamubwereketsa Chifuniro mapepala anga. Ambuye mumuthandize, akuopa kulephera."

Chifuniro anayamba kulira. Ahedi anandibwezera kabuku kanga ndi manja awiri n'kundipepesa.

Titatuluka ndinafuna kuwathokoza Mayi Asiyatu, koma manyazi anandigwira. Iwo anangondikonza kolala ya yunifolomu n'kuti, "Mwanangu, mawa ukandiona undipatse moni. Basi."

Sindikunamizani, bala silinapole. Chifuniro amaimabe pafupi nane pakwaya, ndipo sanandipepesebe. Ndikupempha mundipempherere kuti ndimukhululukire ndi mtima wonse, chifukwa pakadali pano ndikungoyesa. Koma ndikuthokoza Mulungu amene anandibwezera dzina langa kudzera mwa mayi wa Chisilamu amene ine ndinkamuchitira manyazi. Inu amene akukunamizirani ndipo mulibe mawu, musaleke kupemphera. Wokuyankhulirani mwina mumamudutsa tsiku lililonse.

M'mawa mwake mwa Lachitatu lija ndinawapeza Mayi Asiyatu pakhonde la sukulu, anzanga onse ali pomwepo. Ndinaima, ndinapinda maondo, n'kunena mokweza kuti, "Mwadzuka bwanji, amayi?"