Nkhuku Imene Ndinaimasula ku Ligowe

Aulutsi, ndiwerengereni kalatayi, mwina mtima wanga ungakhale m'malo.

Ndine mayi wa ku Ligowe, kuno ku Neno. Amayi anga ali mtsikana ankavina kunyumba ya mtsogoleri wakale wa dziko lino, ndipo akhala akundipempha kuti akaionenso. Mvula itakata, msewu utauma, ndinapeza galimoto.

M'mawa wa ulendowo amayi anagwira nkhuku yoyera n'kuimanga miyendo, ati mphatso. Ine manyazi anandigwira. Iwo atakwera, ndinakaimasula kuseri kwa khitchini.

Titafika pachipata anati, "Tsitsa nkhuku ija, mwanawe."

"Amayi, eni ake anamwalira kalekale. Kuno anthu amangojambulitsa pa foni basi."

"Ndiye kumasiye n'kofika chimanjamanja?"

Ndinaulula. Sanakalipe. Anangokhala pamwala kunja kwa mpanda, n'kukana kulowa. Ndinawanyengerera mpaka dalaivala anatopa, tinabwerera.

Pano miyendo yawo inatupa, ulendo wautali sangauthenso. Ine mtendere ndilibe. Nkhuku ija ili ndi anapiye tsopano, ndipo tsiku lililonse imadutsa pakhonde pamene amayi amakhala. Amangoiyang'ana, kenako n'kuyang'ana ine.