Penti wa Nyumba ya Amayi

Pamzere wa m'sitolo ya zipangizo zomangira, mayi wina anatula pansi zidebe ziwiri za penti. Bambo wachikulire amene anali kumbuyo kwake anaziyang'ana.

"Mukumanga, mayi?"

"Ayi bambo, tikugulitsa. Ndi nyumba ya makolo. Wotsatsa nyumba wati tikapanda kumata ming'alu ndi kupaka penti, palibe angaiyang'ane kawiri."

"Pepani. Makolowo anatisiya?"

"Bambo okha. Amayi alipo, akukhala momwemo."

"Nanga apita kuti?"

"Kwa achimwene anga, m'kachipinda kosungiramo katundu. Miyendo yawo yafooka, chaka chino agwa kawiri kubafa, ndipo ife tonse tili kutali."

"Eni akewo avomera?"

"Sitinawauze. Akuganiza kuti tikuwakonzera iwowo. Dzulo tikuchotsa zithunzi pakhoma, iwo amazipukuta chimodzichimodzi kuti tidzazibwezeretse zoyera. Mpaka aitana aneba kudzaona denga latsopano, akuti, 'Ine ndiye ndinabereka.'"

"Koma mayi, chikwangwani chikadzaikidwa pageti, adzawerenga okha."

"Maso awo sakuonanso patali."

"Ndiye mudzawatulutsamo bwanji?"

"Achimwene akuti tidzanene kuti fungo la penti limapweteka pachifuwa, akagone kwawo masiku atatu."

"Masiku atatuwo akadzatha?"

Mzere unasuntha. Mayiyo anakankha zidebezo ndi phazi.

"Zimenezo andisiyira ine, poti ndine mwana wamkazi. M'mawa uno amayi andipatsa kiyi wa kuchipinda kwawo, akuti, 'Iwe ndi amene ndimakukhulupirira, mwana wanga. Uyambire muno.'"