Mndandanda wa Mzee Kombo

Malemu Zuhura, chaka chatha tsopano chimwalirireni koma kapu yake ikadali pawindo la kaofesi kaja ka ku Kariakoo, anali munthu woti ukamuuza kuti atseke chitseko amatseka osafunsa ngati chala chako chili pamenepo. Lachisanu lija anali awiri ndi Mzee Kombo, mkulu wa olemba mapulogalamu, amene ankafunika kukwera basi ya 2 koloko ya ku Tanga kukatsanzika mwana wake Rehema wokwatiwa mawa lake, koma bwana anali atanena kuti palibe wotuluka mpaka pulogalamu yogulitsa matikiti isiye kufa.

"Yafanso?" anafunsa Mzee, chikwama chapaulendo chili pamiyendo.

"Yafanso, Mzee. Kachitatu chiyambire m'mawa."

"Memori?"

"Yadzaza."

"Ndinanena ine! Wosesa uja ndi waulesi!"

Nkhani yake, m'mene ankaifotokozera Zuhura kwa anthu osapita patali ndi sukulu, inali yotere. Munthu akagula tikiti, mkati mwa pulogalamu mumabadwa kantchito kakang'ono, eni ake amati klozha. Kakabadwa kamasenza zonse zimene kapeza pafupi: dzina la wokwera, chithunzi cha chitupa chake, mipando ya basi yonse. Kakamaliza ntchito, muli wosesa mkati momwemo amene amakachotsa ndi katundu wake yemwe, malo apezeke mu memori. Koma wosesayo ndi waulemu. Chimene wina akadachigwira, sachikhudza.

"Tsegula mndandanda wanga uja," anatero Mzee. "Uja ndinati uzitumiza kwa bwana m'mawa uliwonse. Timaklozha tomwe sitinachoke tilipo tingati?"

"41,206."

"Tachoka tingati?"

"Palibe."

"Palibe! Ngakhale kamodzi! Pakanapanda mndandanda wanga bwenzi tikudziwa zimenezi?"

"Ayi, Mzee."

"Ehe, wayamba kukhwima. Tsopano lemba kalata kwa amene anapanga chiyankhulo cholembera mapulogalamuchi. Uwauze kuti wosesa wawo amagona pantchito."

Zuhura anaika zala pa kiyibodi. "Ndilembe kuti amagona nthawi yanji?"

"Nthawi zonse!"

"Likhala bodza, Mzee. Amadzuka pafupipafupi. Ndimamuona."

"Amadzuka n'kutani?"

"Amayang'ana, n'kubwerera."

"Ngati mlamu wanga kumunda. Lemba choncho."

"Dzina la alamu anu ndani?"

Mzee anatseka maso. Pomwepo foni yake inalira, anali akazi ake ku Tanga. Anaigwira ndi manja awiri ngati mbale yotentha.

"Eee, mayi a Rehema. Iyayi, musadandaule. Ndili panjira."

"Muli pampando, Mzee," anatero Zuhura, osatsitsa mawu.

"Ndi wailesi imeneyo, mayi. Ya mu bajaji, kagalimoto ka matayala atatu kaja." Anadula foni. "Iwe, unabadwa choncho kapena unachita kupita kusukulu yake?"

"Ndinapita ya makompyuta."

"Zikomo pondikumbutsa. Onjezera memori."

"Ndinaonjezera Lachitatu, m'mene munanenera."

"Ndiye?"

"Imafa mochedwerako."

"Aa, nkhani yabwino bwanji! Wodwala wathu akumwalira madzulo m'malo mwa m'mawa. Tiitane oimba."

"Angati?"

"Zuhura!"

Wotchi ya pakhoma inali itadutsa wani koloko. Mzee anaimirira, anazungulira tebulo, anakhalanso. Thukuta linali litalemba mapu pamsana pa malaya ake atsopano.

"Chabwino. Wati amayang'ana n'kubwerera. Amabwereranji?"

"Amapeza tonse tagwiridwa."

"Ndi chiyani?"

"Ndi chinthu chimodzi."

"Ukuchidziwa?"

"Ndikuchidziwa."

"Kuyambira liti?"

"Lolemba masana."

Mzee anayang'ana kudenga ngati akufuna mboni kumeneko. "Lolemba. Lero Lachisanu. Ine masiku anayi kudya chipsi choimirira, mwana wanga kuyesa diresi popanda bambo wake, iwe uli phee ndi yankho m'thumba?"

"Ndinayamba kunena, Mzee. Munati, 'Zuhura, sindikufuna maganizo ako, ndikufuna manambala.' Limeneli ndi ganizo. Manambala ndakupatsani tsiku lililonse."

"Eee, ndipo anali okongola. Ndiwapachika pabalaza. Lero ndakulola ganizo."

"Angati?"

"Limodzi!"

"Lalitali kapena lalifupi?"

"Loti ndikwere nalo basi!"

Zuhura anatembenuza kompyuta n'kuloza ndi kumbuyo kwa supuni ya tiyi. "Mzere 88 wa pulogalamuyi. Lolemba munati kalikonse kakabadwa ndizikalowetsa mumndandanda, kuti tione tomwe sitikuchoka. Ndinafunsa, dzina lokha? Munati konse, osasiyako kanthu. Ndiye mndandanda watigwira. Wosesa akabwera amapeza tonse tili m'manja mwa wina, n'kubwerera."

Mzee anauyang'ana mzerewo nthawi yaitali. Kunja wogulitsa madafu, makokonati anthete, ankakuwa.

"Zamkutu," anatero. "Inkafa mndandanda usanabwere."

"Inafa kamodzi. Lamlungu."

"Waona!"

"Magetsi anazima."

"Mndandanda wanga ndi wapolisi, mwana iwe. Wapolisi sakhala wakuba."

"Ine wapolisi sindikumuona, Mzee. Ndikuona mzere 88."

"Zaka makumi awiri ndikulemba mapulogalamu! Ndinayamba iwe ukuyamwa chala!"

"Sindinkayamwa chala. Mayi anandiuza."

"Sitichotsa. Tikachotsa tidziwa bwanji kuti tikuchoka?"

"Pulogalamu siifa."

"Umenewo si umboni!"

"Ndiye ndipitirize kalata? Ndaima pa alamu anu."

Foni inaliranso. Ulendo uno anali Rehema mwini wake. Mzee sanayankhe, anangoyang'ana chithunzi cha mwanayo chikuthwanima patebulo mpaka chinazima. Wotchi inati hafu pasiti wani.

Anatembenuza mpando, n'kuyang'ana kuwindo.

"Ine ndikuona njiwa," anatero. "Chimene uchite kumbuyo kwangako sindikuchiona."

"Ndichite chiyani?"

"Chimene ukuganiza."

"Ganizo munandilola limodzi. Latha."

"CHOTSA!"

Panamveka ka "tcha" kamodzi kokha. Zuhura anayatsanso pulogalamu. Mzere wobiriwira wa memori unakwera pang'ono, unatsika, unakweranso, unatsika, ngati chifuwa cha mwana wogona bwino. Mzee ankauonera m'galasi la windo, uku akunamizira njiwa. Anadikira mphindi zisanu. Sunadzaze.

"Hm," anatero. "Wosesa wamva kuti kukubwera kalata. Wachita mantha."

"Sindinatumize, Mzee."

"Mbiri imayenda." Anakoleka chikwama paphewa, anaitana pawindo wa bodaboda, njinga yamoto ya hayala, anafika pakhomo n'kubwerera ndi phazi limodzi. Mawu anatsika, anakhala a shuga. "Zuhura, mwana wanga. Bwana akafunsa, unene kuti kanali kamzere kena kosochera. Kopanda mwini."

"Akudziwa kale mwini wake, Mzee."

"Awauza ndani?"

"Inu. Munati manambala azipita kwa iwo, pamwamba dzina lanu, zilembo zikuluzikulu, kuti asaiwale kuti nzeruzi n'zandani."

"Amenewo ndi manambala chabe. Bwana manambala sawamva."

"N'chifukwa chake," anatero Zuhura, uku akupukuta kapu yake ija, "pamene mumaona njiwa ndawatumizirako ndi ganizo limodzi lija munandilola."